Tulo pa ciongolero: cifukwa cake nthawi ya nchito ya madalaivala ifunika kukonzedwa

Ngozi za pamseu zimapha anthu pafupifupi 2,000 caka ciliconse m'dziko la Zambia, malinga ndi ziwerengero zimene apolisi amatulutsa. Ngozi ikacitika, anthu amafunsa ngati woyendetsa anali woledzera, ngati anali kuthamangitsa galimoto, kapena ngati mabuleki anali bwino. Funso limene limaiwalika kawirikawiri ndi lakuti: kodi munthuyo anagona maola angati asananyamuke?

Mowa umapimika ndi makina amene apolisi amanyamula, koma tulo sitisiya cizindikiro pamalo a ngozi. N'cifukwa cake ngozi zobwera ndi kutopa nthawi zambiri zimalembedwa m'kaundula kuti woyendetsa analephera kuongolera galimoto.

Zimene zimacitika m'thupi

Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kufikira 9 pa tsiku. Akagona maola ocepa masiku angapo otsatizana, kutopa kumaunjikana monga nkhongole, ndipo sikutha kufikira munthuyo atagona mokwanira.

Ofufuza a ku Australia anapeza mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso kwa maola 17 amacedwa kuganiza ndi kucitapo kanthu mofanana ndi munthu amene wamwako mowa. Akakhala maso maola 24, amafanana ndi munthu amene wapitirira malire a mowa amene maiko ambiri amalola kwa woyendetsa galimoto.

Thupi lilinso ndi nthawi zake zimene limafuna tulo, kaya munthu afune kapena asafune. Nthawi yoopsa koposa ndi kuyambira 02:00 kufikira 06:00 m'bandakuca. Ina ndi masana, ca m'ma 14:00 kufikira 16:00.

Coopsa kwambiri ndi kusinza kwa masekondi ocepa, kumene woyendetsa mwini sakuzindikira, nthawi zina maso ali cipenyere. Basi imene ikuyenda pa liwiro la makilomita 80 pa ola imapita mamita 22 pa sekondi imodzi. Dalaivala akasinza masekondi 5, basiyo imayenda mamita oposa 100, kutalika kwa bwalo la mpira, popanda woiongolera. Pa mapiri a Manenekela mu mseu wa Great East, mtunda wotere ndi wokwanira kugwetsera basi kuphompho.

Kutsegula zenera, kukweza wailesi, kapena kusamba kumaso kumathandiza kwa mphindi zowerengeka cabe. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimabisa kutopa kwa kanthawi, koma sizilowa m'malo mwa tulo.

Cimene cimakakamiza madalaivala

Madalaivala ambiri amadziwa kuti kuyendetsa ali otopa ndi koopsa. Cimene cimawakhazika pa ciongolero ndi mmene nchito yao inakonzedwera.

Zambia ilibe nyanja yamcere, motero mkuwa, mafuta, feteleza ndi katundu wina wambiri amayenda pa mseu kupita ndi kucokera ku madoko a Dar es Salaam, Beira, Durban ndi Walvis Bay. Woyendetsa lole amene amalipidwa malinga ndi maulendo amene wayenda amaona ola lililonse logona monga ndalama yotayika.

Pa malire monga Kasumbalesa ndi Nakonde, malole amatha kukhala pa mzere masiku angapo. Mwini kampani angaganize kuti dalaivala wapumula popeza galimoto inali ciimire. Koma munthu amene akusendeza lole pang'onopang'ono usiku wonse, kulondera katundu kuopa akuba, ndi kuthamangira mapepala, sanapumule ai. Akaoloka malire, amalamulidwa kufulumira kuti abweze nthawi imene yatayika.

M'mizinda monga Lusaka, Ndola ndi Kitwe, madalaivala ambiri a maminibasi amayendera dongosolo la cashing, pamene mwini basi amafuna ndalama yoikika madzulo alionse. Dalaivala amayamba m'bandakuca ndi kuweruka usiku, cifukwa phindu lake limayamba ndalama ya mwini basi ikakwana.

Zimene malamulo amanena

Bungwe la Road Transport and Safety Agency, RTSA, limene linakhazikitsidwa pansi pa lamulo la pamseu la 2002, ndilo limayang'anira mabasi ndi malole m'dziko muno. Mu 2016, pambuyo pa ngozi zingapo zazikulu za mabasi, boma linatulutsa lamulo la Statutory Instrument nambala 76, limene linaletsa mabasi ndi malole kuyenda pakati pa 21:00 ndi 05:00. Lamulolo linasinthidwa m'zaka zotsatira. Mu 2020 boma linaikanso malipiro ocepetsetsa a madalaivala a malole ndi mabasi.

Kuletsa maulendo a usiku kumacotsa magalimoto pa mseu pa maola oopsa koposa, koma pakokha sikutsimikizira kuti dalaivala wagona. Munthu amene wafika usiku, n'kugona pa mpando wa basi pa sitesheni, ndi kudzuka 03:00 kukakweza anthu, amayamba ulendo ali wotopa kale.

Maiko ena amawerenga maola a munthu aliyense payekha. Pangano nambala 153 la bungwe la International Labour Organization, la 1979, limanena kuti dalaivala asayendetse maola oposa 4 osapumula, asapitirire maola 9 pa tsiku kapena maola 48 pa mlungu, ndipo apumule maola 10 otsatizana tsiku lililonse. Ku maiko a European Union, lamulo la 2006 limalola maola 9 pa tsiku, ndi kupumula mphindi 45 pakatha maola 4 ndi theka. Makina ochedwa tachograph amalemba zonsezi m'galimoto, ndipo apolisi amatha kuwawerenga.

Kukonza ndandanda ya nchito

Miyeso imeneyi ikaikidwa pa miseu ya Zambia, zofunika kucita zimaonekeratu. Kucokera ku Lusaka kufika ku Nakonde ndi makilomita pafupifupi 1,000. Basi yoyenda makilomita 70 pa ola, kuphatikiza ndi poima, imatenga maola oposa 14. Ulendo wotere si wa munthu mmodzi. Kampani iyenera kuika madalaivala awiri osinthana, kapena kukhala ndi dalaivala wina wodikira pa Serenje kapena pa Mpika, amene wagona m'nyumba usiku wathawo. Njira yaciwiriyi ndi yabwino koposa, cifukwa tulo ta m'basi yoyenda sitikwanira.

Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, ulendo wa maola 8 kapena kuposerapo. Dalaivala mmodzi angathe kufika, ngati apumula pa mlatho wa Luangwa ndi pa Nyimba kapena Petauke. Colakwika ndi kum'tembenuza tsiku lomwelo kuti abwerere ku Lusaka.

Ndandanda yabwino imawerenga nchito yonse, osati maola a pa ciongolero okha. Kudikira anthu kuti adzaze basi pa Intercity, kukweza katundu, kusintha tayala ndi kuima pa malire, zonsezi ndi nchito. Dalaivala ayenera kudziwa ndandanda yake masiku angapo pasadakhale, ndipo nthawi yake yoyambira isamasinthesinthe, lero m'bandakuca mawa usiku. Akagwira masiku 6, apatsidwe tsiku lathunthu lopumula.

Nthawi yofika iyeneranso kukhala yotheka. Kampani imene imalonjeza mwini katundu tsiku limene silingakwanitsike popanda kuyenda usana ndi usiku yasankhiratu kuti dalaivala wake asagone. Makina a GPS amene makampani ambiri anaika kuti aone liwiro ndi mafuta angathenso kusonyeza ngati galimoto yayenda maola oculuka osaima.

Pafunikanso malo ogona abwino kumene ulendo umathera, malo otetezeka oimikapo malole m'mbali mwa miseu ikuluikulu, ndi kupima thanzi la madalaivala. Matenda a shuga ndi vuto lobanika kutulo, limene limadziwika ndi mkonono waukulu, zimacititsa munthu kuodzera masana ngakhale wagona usiku wonse. Koposa zonse, dalaivala amene wanena kuti watopa asadulidwe malipiro kapena kucotsedwa nchito, cifukwa anzake akaona zimenezo sadzanenanso.

Mbali ya apaulendo

Kulemba dalaivala waciwiri kumafuna ndalama, ndipo mwina mtengo wa tikiti ungakwere. Koma basi imodzi yaikulu imanyamula anthu oposa 50, ndipo ngozi imodzi imasiya mabanja ambiri pa maliro.

Apaulendo nawonso ali ndi mbali yao. Asanakwere basi ya ulendo wautali angafunse ngati muli madalaivala awiri. Akaona woyendetsa akuyasamula kawirikawiri, akutikita maso, kapena basi ikusiya mbali yake ya mseu, ayenera kum'pempha kuti aime, ndipo akakana adziwitse apolisi kapena a RTSA pa malo oyamba oimitsira magalimoto. Amene amakalipira dalaivala cifukwa waima mphindi 20 kuti atsitsimuke akumbukire mau a makolo akuti kuthamanga si kufika.