Nyanja ya ku Durban si ya ku Senga Bay

Disembala akafika, mabanja ambiri a kwathu okhala ku Johannesburg, ndi ena ochokera ku Lilongwe ndi Blantyre komwe, amatsikira ku Durban kuti ana akaone nyanja yamchere. Ntchito yanga ndi yopulumutsa anthu pagombe kuno ku KwaZulu-Natal, ndipo akwathu ndimawazindikira msanga. Mayi amakhala ndi chitenje m'chiuno, bambo akudziguguda pachifuwa kuti, "Ine ndinakulira ku Nkhotakota, madzi sangandiopseze." Inenso ndine wa kunyanja, koma ndikamva mawu amenewo, munthuyo sindimuchotsa diso.

Ambiri amayesa kuti ntchito yathu ndi kusambira. Inde, amatiyesa kusambira tisanalembedwe, koma tsiku limene ndalowa m'madzi kukavuula munthu ndiye kuti china chake chinalakwika kale kumtunda. Ntchito yeniyeni ndi ya maso. M'mamawa, anthu asanafike, timaima pokwera n'kumaonetsetsa madzi: mafunde akuswekera pati, mchenga wapansi wasuntha motani usiku, mphepo ikuchokera kuti. Tikakhutira m'pamene timazika mbendera ziwiri za mtundu wofiira ndi wachikasu, ndipo posambira ndi pakati pa mbenderazo basi. Masana timatha kuzisuntha, wezulo ali kukamwa, anthu akung'ung'udza kuti tikuwavutitsa dala. Sadziwa kuti ngozi ndiyo yasuntha malo.

Chimene timakuthawitsani ndi madzi amene pantchito timati rip. Mafunde akamasweka amakankhira madzi ochuluka kugombe, ndipo madziwo sangakhale pomwepo, ayenera kubwerera. Amapeza mpata pakati pa milu ya mchenga ya pansi pa madzi, kapena m'mbali mwa miyala ndi milatho yolowa m'nyanja, n'kuthamangira kwakuya ngati mtsinje wodzadza m'dzinja. Akakula mphamvu amapitirira mamita 2 pa sekondi, moti ngakhale katswiri wa ku Olympics sangalimbane nawo. Tsono chonyenga chake n'chakuti pamene pali rip m'pakuya, choncho mafunde saswekapo. Pamaoneka podera, podekha, popanda thovu. Mayi wofunira ana ake zabwino amayang'ana uku thovu lili mbuu, uko chimodzimodzi, n'kusankha pabata paja. Ku Senga Bay akanakhala kuti wachita bwino, pakuti kwathu ngozi kawirikawiri imabwera poyera: mwera ukawomba aliyense amauona, asodzi amakokera mabwato kumtunda. Kuno pamene pali phokoso ndi thovu nthawi zambiri m'pamene pali posaya.

Rip sakokera munthu pansi, amangomutengera kutali ndi gombe. Chimene chimapha ndi mantha ndi kutopa, munthu akulimbana ndi madzi kuti abwerere pomwe analowera. Auzeni ana aakuluko musanachoke kunyumba kuti akamva kukokedwa agone chagada n'kuyandama. Madzi a kuno ali ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita, amanyamula thupi kuposa a kwathu. Akweze dzanja limodzi kuti tiwaone, ndipo ngati mphamvu zilipo asambire chopingasa, motsata gombe, mpaka atuluke m'njira ya madziwo. Inu abambo, musathamangire m'madzi chimanjamanja. Nthawi zambiri mwana timamuvuula wamoyo, wovuta kumupeza amakhala amene anapita kukamupulumutsa. N'chifukwa chake bungwe lopulumutsa anthu panyanja la NSRI lakhala likupachika zoyandamira za pinki m'magombe ambiri a South Africa kuyambira 2017. Tengani chimodzi mwa zimenezo, wina aimbe 112.

China chimene kwathu sitichidziwa ndi kudzadza ndi kuphwa kwa nyanja. Madzi amakwera kawiri pa tsiku, motalikirana pafupifupi maola 12 ndi mphindi 25, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kusiyana kwake kuno kumafika pafupifupi mamita 2. Mwana amene anayenda pouma kukatola zigoba pamiyala, pakapita ola limodzi amapezeka kuti njira yobwerera yamira. Nsapato ndi mafoni otengedwa ndi madzi sitiwerenga n'komwe.

Tsopano nkhani imene imandisowetsa tulo. Mwana akamamira sakuwa. Zokuwa ndi kuponya manja m'mwamba ndi za m'mafilimu. Chimene ndimaona ine ndi kamutu kopendekera kumbuyo, pakamwa pakumira n'kutuluka, tsitsi kapena madzi kumaso koma iye osapukuta, timanja tikupalasa m'mbali, thupi lili chilili osapita kutsogolo. Mpweya wonse ukupita kopuma, wofuulira palibe. Zonsezi zimatha kuchitika mphindi imodzi isanakwane, anthu ataima pafupi akuseka, akuyesa kuti akusewera. Ine ndikuyang'ana mitu mazanamazana. Inu muli ndi itatu kapena inayi. Ndipo ndaona kuti banja likakula, maso amachepa: mayi akuyesa kuti mwana ali ndi azakhali ake, azakhali akuyesa kuti ali ndi agogo, agogo akusinza pansi pa ambulera. Sankhani munthu mmodzi wamkulu, mumutchule dzina, foni aike m'chikwama, akatopa apatsire wina mochita kunena. Wosakwana zaka zisanu akhale pamene dzanja lanu lingamufike. Machubu ndi zidole zopopa musazidalire. Mphepo ikatembenukira kunyanja zimauluzika ndi mwana yemwe. Za mowa ndisachulutse, ndi woletsedwa m'magombe a Durban, ndipo apolisi amalanda.

Pa 26 Disembala ndi pa 1 Januwale, kuyambira kugombe la uShaka mpaka ku North Beach kumakhala chinamtindi cha anthu, mchenga osaoneka. Masiku amenewa a khonsolo amamanga ana tizibangili tapulasitiki tolembapo nambala ya kholo. Imani pamzere, musaone kuchedwa. Mwana wolira Chichewa pakati pa anthu oyankhula Chizulu amavuta kumufunsa kuti amayi ake ndani.

Funso limene mumandifunsa kwambiri ndi la shaki, koma ndilo limandidetsa nkhawa pang'ono. Ku Durban maukonde otchinga shaki anayamba kuikidwa mu 1952, ndipo amawayang'anira ndi a KwaZulu-Natal Sharks Board. Akawachotsa, monga m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene nsomba za sardine zikudutsa, kusambira kumaletsedwa ndipo timalemba pabolodi. Bolodi lomwelo limanenanso ngati madzi ali oipa. Chichitikireni madzi osefukira a mu Epulo 2022, magombe ena akhala akutsekedwa kawirikawiri chifukwa cha tizilombo ta E. coli. Chimene chingakulizireni mwana kwenikweni ndi bluebottle, kachilombo kabuluu koyandama kokhala ndi ulusi wautali woluma, kamene kamabwera ndi mphepo yochokera kunyanja. Musakhule ndi mchenga. Tsukani ndi madzi a m'nyanja momwemo, chotsani ulusiwo mosamala, kenako mubwere naye kwa ife; tikaviika malo olumidwawo m'madzi otentha bwino, ululu umachepa. Akayamba kubanika kapena kutupa kumaso, imeneyo ndi ya ambulansi.