Kuwedza padoko ndi pamathanthwe a nyanja yamchere

Anthu amene anazolowera kuwedza panyanja ya Malawi ayenera kusamala akafuna kuponya mbedza m'nyanja yamchere ya ku South Africa, chifukwa madzi ake amakwera ndi kuphwa kawiri patsiku potsatira mphamvu ya mwezi.

Izi zikutanthauza kuti thanthwe lomwe linali pamtunda m'mawa likhoza kumira pakatha maola 6. Madziwa amakwera koposa mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima.

Mumzinda wa Cape Town, ambiri amawedzera pakhoma la doko la Kalk Bay. Khomali limaswa mafunde kotero kuti madzi a m'dokomo amakhala odekha, ngakhale kuti mphepo ikakula mafundewo amalumpha khomalo.

Pamathanthwe a Rooikrans, kufupi ndi Cape Point, palibe chotchinga chotere. Madzi ndi akuya ndipo nsomba zikuluzikulu monga yellowtail zimafika pafupi, koma funde limodzi likhoza kukokolola munthu.

N'chifukwa chake bungwe lopulumutsa anthu panyanja la National Sea Rescue Institute, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1967, limalangiza owedza kuti azivala jekete yoyandamitsa ndiponso asamafulatire nyanja.

Malinga ndi lamulo la m'chaka cha 1998 loteteza zamoyo za m'nyanja, aliyense wowedza ayenera kukhala ndi chiphaso. Nsomba ya galjoen, yomwe ndi chizindikiro cha dzikolo, siwedzedwa kuyambira pa 15 Okutobala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, ndipo munthu saloledwa kutenga zoposa ziwiri patsiku.