MALAMULO A CHINENERO: POYAMBIRA PA OPHUNZIRA CHINGEREZI

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi m'nthawi ya maphunziro. Taisindikiza pano kuti amene sanaimve aiwerenge, ndi kuti aphunzitsi aisunge.



Lero tikambirana za galamala, ndiko kuti malamulo a chinenero. Ambiri akamva liu ili amachita mantha, nayesa kuti galamala ndi katundu wolemera wochokera ku Ulaya. Koma kuthawa sikungathandize. Pa mayeso a MSCE munthu salandira setifiketi ngati walephera Chingerezi, ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi. Ndiponso kuchipatala ndi kubwalo la milandu kaliu kamodzi kolakwika kangathe kusandutsa zimene munthu anafuna kunena. Chifukwa chake tcherani khutu.

GALAMALA MULI NAYO KALE

Mwana wa zaka 4 amene sanapondepo pasukulu amati, "Nkhuku yanga yathawa." Sanena kuti, "Nkhuku langa chathawa." Mlendo akanena chotero, mwanayo aseka. Kodi anamphunzitsa ndani? Iye wamva akulu akulankhula, ndipo malamulo alowa m'mutu mwake osadziwa. Malamulo amenewo ndiwo galamala.

Tsono mabuku sapanga malamulo a chinenero. Angolemba zimene eni ake amachita kale. Alexander Riddel, wa mishoni ya Livingstonia, anasindikiza buku la galamala ya Chinyanja m'chaka cha 1880. Mu 1937 Mark Hanna Watkins wa ku America anatulutsa galamala ya Chichewa, ndipo amene anamuuza mau ndi ziganizo anali Kamuzu Banda, pamene anali kuphunzira ku Chicago. Onsewa anamvetsera, nafunsa, nalemba. Makolo athu anali kulankhula mwa dongosolo kalekale mabukuwa asanalembedwe.

Kotero njira yapafupi yophunzirira Chingerezi ndiyo kuyamba ndi chinenero chimene munayamwa, ndi kuona pamene ziwirizi zifanana ndi pamene zisiyana.

CHIGANIZO NDI ZIWALO ZAKE

Chiganizo ndi gulu la mau opereka ganizo lathunthu. Mukati, "Mlenje wapha nyalugwe," muli ziwalo zitatu. Mlenje ndiye mwininkhani, amene wachita ntchito. Wapha ndiye mneni, liu lonena ntchitoyo. Nyalugwe ndiye pamtherankhani, amene ntchito yamgwera. Mutembenuze, munene kuti, "Nyalugwe wapha mlenje," ndipo pamudzi pagwa maliro m'malo mwa chikondwerero. Mau ndi omwewo, koma malo asintha.

Ngakhale ziri chomwecho, Chichewa chimatilola kusuntha mau nthawi zambiri. Tingati, "Mbuzi zadya chimanga," ndipo tingatinso, "Chimanga zachidya mbuzi." Palibe asokonezeka, pakuti za- aloza mbuzi ndipo -chi- aloza chimanga. Chingerezi chiribe zolozera zotere. Iwo amati, "The goats have eaten the maize," ndipo mukasinthanitsa maina awiriwo mwanena kuti chimanga chadya mbuzi. Lamulo loyamba ndi ili: m'Chingerezi wochita akhale patsogolo, mneni pakati, wochitiridwa pambuyo.

MITUNDU YA MAU

Monga m'mudzi muli osula, oumba mbiya ndi oluka mphasa, mau nawonso ali ndi ntchito zosiyana. Kugawa mau m'mitundu 8 ndi mwambo wakale. Mgiriki wina, Dionysius Thrax, anachita chotero zaka ngati 100 Khristu asanabadwe, ngakhale mitundu yake siifanana kwenikweni ndi imene tiphunzitsa lero.

Dzina ndi liu loitanira munthu, malo kapena chinthu: mayi, Zomba, khasu, njala. Mneni anena zochita kapena m'mene chinthu chikhalira: lima, gona, dwala. Mlowam'malo aima m'malo mwa dzina: ine, iwe, iye, ife, inu, iwo. Mfotokozi afotokoza dzina: nyumba yaikulu, madzi ozizira. Muonjezi aonjeza tanthauzo la mneni: yendani msanga, walankhula bwino. Mperekezi aonetsa mgwirizano wa dzina ndi mau ena: wadula ndi nkhwangwa, wapita kwa amfumu. Mlumikizi alumikiza mau kapena ziganizo: koma, ndipo, kapena. Mfuu ndi mau otuluka munthu akadabwa kapena akamva kuwawa: Ha! Mayo! Ogo!

Ife tiri ndi mtundu winanso umene Angerezi ali nawo wochepa, ndiwo mvekero: kuli zii, wagwa khu, mwayera mbee, wakhala phee. Musavutike kufuna liu la Chingerezi la mvekero uliwonse, kawirikawiri palibe.

Pofuna kudziwa mtundu wa liu, funsani ntchito imene ligwira m'chiganizo. Onaninso malo ake. Ife timati nyumba yaikulu, dzina patsogolo, mfotokozi pambuyo. Angerezi amati big house, mfotokozi patsogolo.

CHIMODZI NDI ZAMBIRI

Pofuna kuchulukitsa dzina, ife tisintha kumutu kwa liu: munthu, anthu, mudzi, midzi, chingwe, zingwe, dzira, mazira, kamtengo, timitengo. Maina ena sasintha konse, monga nyumba ndi mbuzi, ndipo tidziwa kuchuluka kwake ndi mau otsatira: nyumba yagwa, nyumba zagwa. Awa ndiwo magulu a maina amene ana aphunzira kusukulu: Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi, I-Zi ndi ena otero.

Angerezi asintha kumchira, naika -s: book, books, goat, goats. Koma alipo maina osamvera lamulo: man, men, child, children, foot, feet, ndipo sheep ndi nkhosa imodzi kapena khola lonse. Amenewa muwaloweze awiriawiri, limodzi ndi lochulukitsa lake, monga m'mene mlendo wophunzira Chichewa ayenera kuloweza diso pamodzi ndi maso.

MGWIRIZANO WA MAU

M'Chichewa dzina liri ngati mfumu imene mau onse a m'chiganizo avala chizindikiro chake. Mverani: "Chingwe changa chachitali chaduka." "Zingwe zanga zazitali zaduka." Ngakhale malo ali ndi zizindikiro zake: pamudzi pali alendo, kumudzi kuli alendo, m'mudzi muli alendo. Izi zivuta kwambiri alendo ophunzira chinenero chathu.

M'Chingerezi mgwirizano ndi wochepa, koma uli ndi msampha. Iwo amati, "The boy works," ndi "The boys work." Taonani bwino: -s akakhala pa dzina atanthauza ambiri, koma akakhala pa mneni atanthauza mmodzi. Ana ambiri ataya malikisi pa kachilembo kameneka. Kumbukirani kuti ponena za munthu wina mmodzi kapena chinthu chimodzi, pa ntchito yochitika masiku onse, mneni alandira -s: he works, she cooks, it rains.

MWAMUNA NDI MKAZI, MKULU NDI MWANA

Tikati "iye wabwera," sitinena ngati wabwerayo ndi mwamuna kapena mkazi. Chingerezi chikakamiza kusankha: he kwa mwamuna, she kwa mkazi, it kwa chinthu. Mboni imene inaona mwamuna ndi mkazi akukangana, ikasokoneza he ndi she pofotokoza amene anayamba kumenya, iika mlandu pa munthu wosalakwa. Abale athu a ku Tete amene aphunzira Chipwitikizi ali ndi ntchito yoposa pamenepa, pakuti m'chinenero chimenecho ngakhale buku liri m'gulu la amuna ndipo nyumba iri m'gulu la akazi: o livro, a casa.

Koma musaganize kuti chinenero chathu ndi choperewera. Ife tisiyanitsa iwe ndi inu, pamene Mngerezi amati you kwa mwana, kwa mfumu ndi kwa khamu lonse. Chinenero chirichonse chiri ndi zimene chisamala. Ife tionetsa ulemu m'mau olowa m'malo mwa dzina. Iwo auonetsa ndi mau monga please ndi would you. Mukawasiya mau amenewa, amva ngati mukuwalamula, monga ife timva mlendo akanena "iwe" kwa agogo.

Palinso timau tiwiri, a ndi the, timene ife tiribe. Koma ganizo lake tiri nalo. Mukati, "Ndaona galu," ndi galu wina aliyense: a dog. Mukati, "Ndamuona galu uja," nonse awiri mukumdziwa galuyo: the dog. Pamene m'Chichewa mungaike uja, ija kapena chija, kawirikawiri m'Chingerezi pafunika the.

MNENI NDI NTHAWI ZAKE

Mneni wa Chichewa ali ngati mtolo wa nkhuni womangidwa ndi luzi limodzi. Timasule liu loti sindinakuoneni. Si- akana, -ndi- ndine wonena, -na- aonetsa nthawi yapita, -ku- pamodzi ndi -ni wa kumapeto ndinu, -on- ndiwo muzu wa mneni. Liu limodzi limeneli Mngerezi alinena ndi mau 5: I did not see you. Zimene ife timanga pamodzi, iwo aziyala padera.

Nthawi zathu ndi izi: ndikudya, tsopano lino, ndimadya, masiku onse, ndadya, ntchito yatha ndipo ndikali wokhuta, ndinadya, kale, ndinkadya, kale kawirikawiri, ndidzadya, m'tsogolo. M'Chingerezi ziyenda chotere: I am eating, I eat, I have eaten, I ate, I used to eat, I will eat. Cholakwa chofala ndicho kusokoneza ziwiri zoyambazo. Munthu amati, "I am going to the market every Saturday," pamene afuna kunena kuti amapita. Funsani mumtima: kodi m'Chichewa ndikadaika -ku- kapena -ma-? Ngati ndi -ma-, musaike -ing.

Kusiyana kumeneku si kwa m'kalasi mokha. Dotolo akafunsa, "Mumamwa mankhwala aja?" afuna kudziwa za masiku onse. Akafunsa, "Mwamwa mankhwala aja?" afuna kudziwa za lero. Wodwala amene sasiyanitsa "Do you take" ndi "Have you taken" angayankhe funso limene sanafunsidwe.

Ndiponso ife tisintha mneni kumchira: phika, phikira, phikitsa, phikidwa, menya, menyana. Chingerezi chifuna mau ena oonjezera: cook for, make someone cook, be cooked, hit each other. Chomwechonso ku wathu mmodzi agwira ntchito ya mau atatu a iwo. Ndikupita ku Zomba, ndachokera ku Zomba, ndimakhala ku Zomba: to, from, in. Kwa ife mneni ndiye auza ngati munthu akupita kapena akuchokera; kwa iwo mperekezi ayenera kunenanso. Chifukwa chake phunzirani mneni pamodzi ndi mperekezi wake: go to, come from, live in, listen to.

INDE NDI IAI

Tsono mverani ichi, pakuti ndi choopsa koposa zonse. Wina akakufunsani, "Simunatenge njinga ija?" ndipo inu simunaitenge, mumayankha, "Inde," ndiko kuti, "Mwanena zoona, sindinatenge." Ife tivomereza mau a wofunsa. Mngerezi satero, iye ayankha za ntchito yeniyeniyo. Akafunsa, "Didn't you take the bicycle?" ndipo inu muti, "Yes," iye amva kuti mwavomera kuti munaitenga. Munthu woona mtima angadzimange yekha ndi liu limodzi. Mankhwala ake ndi apafupi: musayankhe ndi liu limodzi lokha. Nenani chiganizo chonse: "No, I did not take it." Ndipo ngati muli pa mlandu ndipo Chingerezi chanu nchosakhwima, pemphani womasulira, palibe manyazi pamenepo.

ZOTI MUCHITE SABATA INO

Choyamba, tengani ziganizo 5 zimene mwanena lero m'Chichewa, mulembe, ndipo m'chiganizo chirichonse mupeze mwininkhani, mneni, ndi pamtherankhani ngati alipo. Mukatero, muziike m'Chingerezi.

Chachiwiri, khalani ndi kabuku kolembamo mau atsopano, koma musalembe liu lokhalokha. Lembani chiganizo chimene mwalipezamo, kuti mudziwe anzake amene liyenda nawo.

Chachitatu, tengani lamulo limodzi pa sabata, osati khumi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chachinai, lankhulani. Wodziwa maina onse a zitsulo za njinga sanadziwe kupalasa kufikira atakwera. Mudzalakwa, ndipo ena adzaseka. Afunseni akukonzeni, pakuti safunsa anadya phula.

Ndipo inu aphunzitsi ndi makolo, musanyoze Chichewa cha mwana poganiza kuti chimlepheretsa Chingerezi. Mwana amene adziwa kupeza mneni m'chinenero cha amake sadzavutika kumpeza m'chinenero cha eni.

Sabata ya mawa, nthawi yomwe ino, tidzakambirana za kafunsidwe ka mafunso m'Chingerezi, ndi chifukwa chake timau toti do ndi did timabwera patsogolo. Mubwere ndi pensulo ndi pepala. Tsalani bwino nonse.