Mmene Mzinda wa Medellín Udabwezera Mthunzi M'misewu Yake

Pakati pa mapiri aatali a Andes, m'dziko la Colombia ku South America, pali chigwa chotchedwa Aburrá, ndipo m'chigwa chimenecho, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, mudamangidwa mzinda wa Medellín, momwe lero mukukhala anthu pafupifupi 2.5 miliyoni. Kuyambira kale eni mzindawo ankaunyadira chifukwa cha nyengo yake yofatsa, yopanda chisanu choluma ndiponso yopanda dzuwa loswa mtengo. Koma pamene mzinda udakula, nyumba zosanja nizichuluka, misewu nikuzidwa kuti magalimoto apeze podutsa, mitsinje ing'onoing'ono yotsika m'mapiri nitsekeredwa m'ngalande za simenti, anthu okhala ndi kugwira ntchito pakati pa mzinda adayamba kumva kutentha kumene makolo awo sadakudziwe, ngakhale kuti midzi ya m'mphepete, yomwe dzuwa lake ndi lomwelo, idali yozizirabe monga kale.

Chinthu chimenechi si chachilendo kwa anthu ophunzira za nyengo, pakuti zaka zoposa 200 zapitazo munthu wina wa ku England, dzina lake Luke Howard, atayeza mpweya wa mu London ndi wa kumidzi yozungulira kwa zaka zambiri, adapeza kuti mumzinda mumafunda kuposa kumudzi, makamaka usiku. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Phula la mumsewu, pokhala lakuda, limamwa kutentha kwa dzuwa tsiku lonse, kotero kuti masana a tsiku lotentha pamwamba pake pamatha kufika madigiri 60. Simenti, njerwa ndi malata nazo zimasunga kutentha kwawo. Ndipo dzuwa likalowa, nthawi imene thupi la munthu limayenera kupuma, zonsezi zimayamba kubweza pang'onopang'ono moto umene zidameza masana, pomwe nyumba zazitali zoyang'anana zikutchinga mphepo imene ikadauchotsa. Onjezanipo utsi ndi kutentha kwa injini za magalimoto, ndiponso mvula imene ikagwa imathamangira m'ngalande osalowa pansi, mupeza kuti mzinda umadzisonkhera wokha moto umene ukuuwotcha.

Tsono mtengo umalimbana ndi moto umenewu m'njira ziwiri. Yoyamba aliyense amaidziwa, ndiyo mthunzi, umene umaletsa dzuwa kufika pa phula ndi pa mutu wa munthu. Yachiwiri ndi yobisika, koma mayi aliyense wosunga madzi akumwa mumtsuko wadothi adaiona kale: madzi a mumtsuko amazizira chifukwa ena mwa iwo amatuluka pang'onopang'ono m'timabowo ta dothi, ndipo pouma amatenga kutentha n'kupita nako. Momwemonso mtengo umakoka madzi m'nthaka ndi mizu yake n'kuwatulutsa m'timabowo tosaoneka ta m'masamba, ndipo mtengo waukulu wokhala ndi madzi okwanira ungathe kutulutsa malita mazanamazana pa tsiku limodzi lotentha, ukuziziritsa mpweya wonse wouzungulira popanda magetsi, popanda phokoso. Denga la malata lingapatse munthu mthunzi, koma ilo lomwe limatentha ndi kumuwamba wokhala pansi pake. Tsamba lamoyo silitero.

Wina angayese kuti nkhaniyi ndi ya anthu ofuna kukhala mwawofuwofu, koma ndi nkhani ya moyo ndi imfa. M'chaka cha 2003, pamene kutentha koopsa kudagwera maiko a ku Ulaya, m'dziko la France lokha mudafa anthu pafupifupi 15,000, ambiri a iwo nkhalamba zokhala zokha m'nyumba za m'mizinda zimene sizinkazizira ngakhale pakati pa usiku. Ndipo m'chaka cha 2023 magazini ya zachipatala ya The Lancet idasindikiza kafukufuku wa mizinda 93 ya ku Ulaya, amene adawerengera kuti m'nyengo yotentha ya 2015 anthu pafupifupi 6,700 adafa chifukwa cha kutentha kowonjezera kwa m'mizinda, ndi kuti mwa anthu atatu aliwonse mmodzi akadapulumuka mitengo ikadaphimba magawo 30 pa 100 alionse a mizindayo. Kutentha kumapha mwakachetechete, kudzera mu mtima, impso ndi mapapo a anthu ofooka kale, ndipo chifukwa sikugwetsa nyumba monga chigumula, kawirikawiri palibe amene amakutchula pamaliro.

Akuluakulu a Medellín, motsogozedwa ndi meya Federico Gutiérrez, adayamba ntchito yawo yolimbana ndi kutentha kotereku m'chaka cha 2016. Nzeru yawo idali yakuti asabzale mitengo mwa apo ndi apo monga zokongoletsa, koma apange njira zobiriwira 30 zolumikizana, 18 zotsata misewu ikuluikulu ndi 12 zotsata mitsinje, kuti mpweya wozizira, mbalame ndi munthu woyenda pansi zizitha kuchoka paki ina kufika paki ina, kapena kuchoka m'mbali mwa phiri kufika pakati pa mzinda, mthunzi osaduka. Adasankha dala malo ovuta koposa, kumene magalimoto ndi ambiri, utsi ndi wochuluka ndipo chobiriwira chidali chitatheratu. Ntchito yoyambayo idadya ndalama zokwana madola a ku America 16.3 miliyoni, ndipo pofika mu 2019 adali atabzala mitengo yoposa 8,000 pamodzi ndi zitsamba ndi zomera zazing'ono mazana a zikwi.

Malo amene amaonetsa bwino ntchitoyi ndi msewu wotchedwa Avenida Oriental, umene udang'ambidwa pakati pa mzinda m'zaka za m'ma 1970, nyumba zambiri zakale nizigwetsedwa kuti magalimoto apeze mpata. Pakati pa msewu umenewu, malo olekanitsa magalimoto opita ndi obwera, atsogoleri ena am'mbuyomo adamangapo timapiramidi ta simenti tokutidwa ndi matailosi a mitundu yowala, poti tikongoletse mzinda ndi kuletsa anthu kuwoloka paliponse; koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, pakuti timapiramidito tinkanyezimira m'maso, koma sitinkapatsa mthunzi ngakhale mpheta. Anthu a ntchito yatsopanoyi adatiphwanya, nakumba simenti, nathira dothi labwino, ndipo m'malo mobzala mzere umodzi wa mitengo yofanana pa kapinga wometedwa, adabzala motsanzira nkhalango: pamwamba mitengo italiitali ndi migwalangwa, pakati zitsamba, pansi zomera zoyanga zophimba nthaka kuti isaume ndi dzuwa. Ngakhale mizati ya simenti yonyamula njanji ya sitima za mumzinda adaiveka zomera zokwera. Akuluakulu a mzindawo adalengeza kuti kutentha kudatsika ndi madigiri pafupifupi 2, ndipo mu 2019 ntchitoyi idalandira mphotho ya Ashden ku London. Madigiri 2 angaoneke ochepa powawerenga papepala, koma amenewo ndi a mpweya wokha. Chimene khungu la munthu limamva pochoka pa phula lotentha kulowa pansi pa masamba n'choposa pamenepo kutali.

Koma chimene ine ndimachiyesa chachikulu pa zonse zimene a Medellín adachita si kuchuluka kwa mbande, pakuti kubzala mbande ndi ntchito ya tsiku limodzi imene mtsogoleri aliyense angaichite atavala suti, wojambula zithunzi ali pambali. Chachikulu n'chakuti adaika anthu oisamala. Munda wa zomera wa mzindawo, wotchedwa ndi dzina la Joaquín Antonio Uribe, udaphunzitsa anthu 75 ochokera m'mabanja osauka, m'dziko limene nkhondo ndi chiwawa zidathamangitsa anthu ambiri m'midzi yawo, kuti akhale alimi a maluwa ndi mitengo olembedwa ntchito, olandira malipiro, odziwa kuthirira, kudulira, kuthira manyowa ndi kuzindikira matenda a mtengo usanafote. Ndipo mzinda umapatula ndalama zoposa theka la miliyoni ya madola chaka ndi chaka kuti ntchito yosamalirayo isaime. Owerenga Malembo adzakumbukira mneneri Yona, amene adakhala kunja kwa mzinda wa Nineve dzuwa likumuwomba, nakondwera ndi msatsi umene udamumerera usiku umodzi, nakwiya pamene mbozi idaudya m'mawa mwake, ngakhale iye sadaugwirire ntchito iliyonse. Mizinda yambiri ili ndi mtima wa Yona: ifuna mthunzi, koma siifuna kulemba munthu wouteteza ku mbozi, ku mbuzi, ku moto ndi ku nkhwangwa. M'mera mpoyamba, adatero akale, ndipo mtengo wa mumsewu, umene mizu yake yapanikizika pakati pa phula ndi ngalande, umafa kapena kupulumuka m'zaka zake zoyambirira.

Nzeru yomweyi adaitsata mwanjira yawo a mzinda wa Freetown ku Sierra Leone, kumene meya Yvonne Aki-Sawyerr adayambitsa mu 2020 ntchito yobzala mitengo 1 miliyoni: mtengo uliwonse umajambulidwa pa foni ndi kulembedwa malo ake, ndipo wousamala amalandira ndalama pa foni pomwepo akaonetsa kuti mtengowo ukadali moyo.

Tiyeneranso kufunsa kuti mthunzi wa mumsewu ndi wa yani. Bwana woyenda pa galimoto yotseka magalasi, yokhala ndi makina oziziritsa, sadziwa ngati msewu uli ndi mitengo kapena ayi, ndipo makina akewo amatayira kutentha kunja, pa anthu oyenda pansi. Amene amadziwa mtengo uliwonse wa m'njira ndi mayi wogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu, mwana wa sukulu, wosesa, wopalasa njinga, nkhalamba yodikira basi; ndipo m'mizinda yambiri ya pa dziko lapansi, munthu akayang'ana kuchokera kumwamba, angathe kuloza kumene kumakhala olemera ndi kumene kumakhala osauka pongoona kumene kuli masamba. Mzinda umene ukuza msewu n'kudula mitengo yake watenga chuma cha wosauka n'kupatsa mwini galimoto, ngakhale palibe amene adalemba zimenezo m'buku la ndalama. Chifukwa chake ndiyesa kuti a Medellín adaweruza molungama poyamba ndi misewu ya pakati pa mzinda, yodzaza ndi anthu wamba, osati madera a anthu achuma amene adali obiriwira kale.

Komabe walira mvula walira matope, ndipo mtengo wa mumsewu uli ndi milandu yake. Mizu ya mitengo ina, monga kachere ndi abale ake, imang'amba ngalande ndi kutukula phula. Nthambi zimakola mawaya a magetsi. Masamba akagwa amatseka njira za madzi ngati palibe wosesa. Mumsewu wopapatiza wa nyumba zazitali, mitengo ikakumana pamwamba n'kutsekeratu thambo, utsi wa magalimoto umasowa potulukira. Ndipo zitsamba zowirira pamalo opanda nyali zimasanduka mobisalira achifwamba. Zonsezi zili ndi mankhwala ake, ndiwo kusankha mtundu woyenera malo ake ndi kudulira pa nthawi yake, koma zikutanthauza kuti katswiri wa mitengo ayenera kukhala pa tebulo limodzi ndi injiniya tsiku limene msewu ukujambulidwa, osati kuitanidwa phula litauma kale.

Kuno kwathu nkhaniyi idatifika pakhomo m'chaka cha 2021, pamene mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta ku Lilongwe idagwetsedwa kuti msewuwo ukuzidwe, anthu ambiri nadandaula poyera. Ndipo n'zomvetsa chisoni kwambiri pokumbukira kuti Lilongwe, amene adakhala likulu mu 1975, adajambulidwa kuti akhale mzinda wa pakati pa mitengo. Sitingatengere za Medellín monga zilili, pakuti kumeneko mvula imagwa nyengo ziwiri pa chaka ndipo nthaka siuma nthawi yaitali, pomwe ife timabzala m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, kenaka mbande zimakumana ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo yopanda dontho, ndipo kutentha kwathu koopsa kumadza mu Okutobala ndi Novembala, nthawi imene mitengo yambiri yayoyola masamba. Jakaranda, amene amakongoletsa Blantyre ndi Harare ndi maluwa ake, nthawi imeneyo masamba amakhala alibe okwanira. Bulugamu amamwa madzi ambiri koma mthunzi wake ndi wosakhutitsa. Pomwe msikidzi, mtengo wathu womwe, umakhala ndi masamba othithikana chaka chonse, ndipo mbawa, ikapatsidwa malo okwanira, imakula kukhala denga la msewu wonse.

Madzi othirira nawo sayenera kuchokera ku mpopi okha. Mizinda ina idaphunzira kusiya mipata m'kakhoma ka m'mphepete mwa msewu, ndi kukumba malo obzalamo motsikirapo kuposa phula, kuti mvula yogwa pamsewu, m'malo mothamangira m'ngalande kukasefukira kumunsi kwa anthu osauka, iyambe yalowa m'nthaka ya pa mizu ndi kusungika m'menemo kufikira chilimwe. Mpata wotero sudya ndalama zambiri ukaikidwa pamene msewu ukumangidwa. Ndalama zimachuluka pamene anthu abwerera patapita zaka ndi nyundo ndi makina kudzaphwanya simenti yawo yomwe, monga adachitira a Medellín pa Avenida Oriental.