MASIKI NDI MAZENELA: PHUNZILO LOMWE COVID-19 INASIYA M'MAKOMBONI

Nyengo yozizila ikafika mu June ndi July, makiliniki a m'makomboni amadzaza ndi anthu odwala cimfine ndi cifuwa. Ndi m'miyezi yomweyi, m'caka ca 2021, pomwe matenda a COVID-19 anabvuta kwambili m'Zambia. Zipatala zinadzaza, mpweya wa okisijeni unapelewela, ndipo mabanja ambili anataya abale ao.

Matendawa anayambila mu mzinda wa Wuhan ku China mu December 2019. M'Zambia odwala oyamba anapezeka pa 18 March 2020. Boma linatseka masukulu ndi malo omwela mowa, ndipo linaletsa kusonkhana anthu opitilila 50, ngakhale pa malilo. Pambuyo pake anthu analamulidwa kubvala masiki pagulu. Analangizidwanso kutalikilana ndi anzao mita imodzi.

Lamulo la kutalikilana linali losabvuta kulinena, koma m'komboni linali lobvuta kulisunga. Banja lonse limagona m'cipinda cimodzi kapena ziwili. Amai amathithikana pa mzele wa kupompi, abambo m'minibasi. Wogulitsa tomato ku msika akakhala panyumba, ana amagona ndi njala. Nanga banja lotele lingadziteteze bwanji?

Yankho lili m'njila yomwe kacilombo kamayendela. Wodwala akatsokomola, akayetsemula, akaimba kapena kulankhula, amatulutsa timadontho. Tikulutikulu timagwa pafupi naye. Ting'onoting'ono timatsala m'mpweya monga utsi wa mbaula m'nyumba yotseka, ndipo onse okhalamo amatipuma. Panja mphepo imatimwaza msanga. Cinanso ncakuti munthu angapatsile anzake tsiku limodzi kapena awili asanayambe kumva kudwala. Ndico cifukwa cake pa nthawi ya mlili aliyense anauzidwa kubvala masiki, ngakhale wooneka wabwinobwino.

Masiki imagwila bwino nchito ikakhala pa nkhope ya wodwala, pakuti imachinga timadontho pomwe tikutulukila. Iyenela kuphimba mphuno ndi pakamwa. Yolendewela pa cibwano ilibe phindu. Masiki ya citenge, yonga yomwe matelala anasoka mu 2020, imathandiza ikakhala ya nsalu ziwili kapena zitatu zophatikiza, ngakhale kuti ya kucipatala imaiposa. Icapidwe ndi sopo tsiku ndi tsiku ndi kuyanikidwa padzuwa. Anthu awili asabwelekane masiki imodzi, ndipo mwana wa zaka 5 kapena kucepela asakakamizidwe kubvala.

Pomwe kutalikilana kwakanika, zenela limathandiza. Wina akadwala cifuwa panyumba, mazenela ndi citseko zikhale zotsegula masana, ndipo wodwalayo azikhalako panja. Usiku mphasa yake iyalidwe pafupi ndi zenela, kutali ndi agogo, amai apakati ndi odwala shuga, BP kapena mtima, cifukwa awa ndiwo cifuwa cimawagwetsa msanga. Womusamala akhale mmodzi, nayenso abvale masiki ndi kusamba m'manja ndi sopo. Obwela kudzazonda acezele panja. M'minibasi, amene atsegula zenela asakalipilidwe, pakuti akuteteza onse.

Wodwala akayamba kupuma mobanika, kumva kupweteka pacifuwa, kusokonezeka mutu kapena kulephela kudzuka, apite naye kucipatala nthawi yomweyo. Kufukiza ndi kumwa tangawizi ndi mandimu kungafewetse pakhosi, koma sikungalowe m'malo mwa okisijeni.

Pa 5 May 2023 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti COVID-19 yaleka kukhala ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Malamulo a masiki anatha, koma kacilombo sikanathe. Cimfine ndi cifuwa cacikulu ca TB nazonso zimayenda m'mpweya, ndipo zimakonda nyumba zothithikana. Cifuwa cikafika milungu iwili, makamaka ngati munthu akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, akapimitse makhololo ku kiliniki. Mankhwala a TB ndi aulele m'zipatala za boma, ndipo ambili amacila akamwa miyezi 6 osadumphitsa.

Motelo masiki isatayidwe. Isungidwe yocapa, kuti tsiku lomwe wina wayamba kutsokomola panyumba, aibvale asanapatsile agogo ndi ana.