Tebulo la tiyi likapindika, thumba la wothyola limaphwa

Aliyense amene anadutsako msewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo anaona momwe minda ya tiyi imaonekera ngati mphasa yoyala bwino. Alendo amangoti n'zokongoletsa malo. Ayi ndithu abale, pamenepaja pali ndalama.

Anthu a m'maesiteti amati pamwamba pa tiyi pamenepo ndi tebulo. Akadulira mitengo m'chilimwe, nthambi zatsopano amazitsina pa msinkhu umodzi kuti tebulo likhale losalala. N'chifukwa chake wothyola amayenda ndi ndodo yaitali n'kuigoneka pamwamba pa tchire. Chomwe chatulukira pamwamba pa ndodo ndicho chake: masamba awiri ndi kansonga. Cha pansi sachikhudza, poti masamba amenewo ndi omwe amadyetsa mtengo.

Tsono tebulo likakhala la zitunda ndi zigwa, zinthu zimasokonekera. Nsonga za m'chigwa zimabisala, zimakula n'kukhwima, ndipo pozadziwika zasanduka masamba olimba omwe kapitawo amakana pa sikelo. Pa chitunda napo manja amazula mopitirira, mtengo n'kufooka. Wothyola amataya nthawi kusakasaka nsonga, dzuwa n'kupendeka dengu lisanadzaze. Poti malipiro amayenderana ndi makilogalamu, amene amagona ndi njala ndi iyeyo.

Ku fakitale nkhani ndi yomweyo. Masamba amawayala m'zotengera zitalizitali za waya pansi, mafani n'kumapemerera mphepo kuti afote. Woyala akaunjika mbali imodzi, mphepo imathawira popyapyala. Apo masamba amauma msanga, pomwe pounjikana akadali aawisi. Magetsi apita, tiyi watsika mtengo pa okushoni ku Limbe.

Musaganize kuti vutoli ndi la ife tokha. Ku maiko ozizira ngati Canada, komwe anthu amasewera motsetsereka pa ayezi m'nyumba, pansi pake pamakhala simenti yokhala ndi mapaipi oziziritsa. Ayezi wake amachindikala masentimita 3 kapena 4 basi. Simenti ikapendekeka, madzi amakadikha kotsika, ayezi wa kumeneko n'kuchindikala. Makina amadya magetsi ambiri kuti aziziritse pamwamba pake, komabe pamakhala pofewa, pomwe kokwera ayezi amapyapyala n'kumasweka. Kaya ndi ayezi kaya ndi tiyi, pansi pakalakwika pamwamba sipangakome.

Tiyi si wachilendo kwa ife. Ku Mulanje anayamba kumulima mu 1891, ndipo ku Thyolo esiteti ya Satemwa ilipo kuyambira 1923. Akatswiri a kafukufuku wa tiyi ali pafupi pomwepa ku Mimosa. Nzeru zilipo. Nanga bwanji m'minda ina, makamaka ya alimi ang'onoang'ono, matebulo akuoneka ngati msewu wa mvula?

Kunena zoona, wothyola sitingamuimbe mlandu yekha. Munthu mukamuikira mulingo wa makilogalamu wovuta kuufika, adzalowetsa dzanja pansi pa ndodo kuti dengu lilemere lero, za mawa aziona mawa. Eni minda aziyamikira wosunga tebulo monga amachitira ndi wodzaza dengu. Alangizi nawo afike kwa mlimi wa kumudzi nthawi yodulira, osadikira kuti masamba akanidwe pa sikelo.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndodo ija njotsika mtengo, nsungwi ili ponseponse. Chomwe chikusowa ndi nthawi yoti wothyola aigoneke bwino popanda kuopa kuti madzulo ana adya chiyani.