KODI MALONDA NAWONSO AFUNA YUNIVESITE?

Anthu a m'boma la Mchinji sasowa wowaphunzitsa kugula ndi kugulitsa. Tsiku ndi tsiku amai ndi abambo aoloka malire pa Mwami kunka ku Chipata ndi katundu wao. Chifukwa chake makolo ena adabwa akamva kuti mwana akhoza kutha zaka 4 pa yunivesite alikuphunzira malonda.

Tiyeni titenge mtedza, mbeu imene Mchinji atchuka nayo. Kugulitsa thumba limodzi pa Kamwendo nkosavuta, pakuti wogula aona mtedzawo ndi maso, nalipira pomwepo. Koma wogula wa ku Johannesburg kapena ku London sadzafika kumunda. Iye afuna pangano lolembedwa lonena muyeso, mtengo ndi tsiku lofikira katundu. Afunanso chikalata chotsimikiza kuti mtedzawo unayesedwa ndipo ulibe chuku, chifukwa maiko a ku Ulaya akana mtedza wachuku ngakhale uoneke wokongola bwanji. Nanga adzalipira ndani njanji ndi sitima yochokera ku Nacala? Nanga mtengo wa dola ukasintha katundu ali m'njira, ataya ndani? Ngakhale pafupi pompa, Kwacha ya Malawi ndi Kwacha ya Zambia zifanana dzina lokha. Wosadziwa kusinthitsa abwera kwao alikusekera, osazindikira kuti phindu latsala kutsidya.

Izi ndizo ziphunzitsidwa: kusunga mabuku a ndalama, malamulo a mapangano, misonkho ya pa malire, ndi kuyang'anira anchito. Aphunziranso mapangano a COMESA, bungwe la maiko limene likulu lake lili ku Lusaka. Bungweli linakonza njira yapafupi yoti amalonda ang'onoang'ono aziolotsera katundu wina popanda msonkho wa kasitomu, koma ambiri aopabe mapepala, nadzera njira zamtchire kumene alandidwa zonse. Nchachisoni ndithu, makamaka tsopano pamene maofesi a maiko awiriwa anaikidwa pamalo amodzi pa Mwami mu December 2022.

Sukulu yodziwika pa maphunzirowa ili ku Blantyre. Kale inali Polytechnic, koma kuyambira 2021 dzina lake ndi MUBAS. Ku Bunda, m'boma la Lilongwe, aphunzitsa malonda a zaulimi.

Tsono inu aphunzitsi, mwana wofuna njira iyi ayenera kukhoza bwino MSCE, ndi makirediti 6, Chingerezi chili pomwepo. Masamu asawathawe ai, pakuti malonda onse ndi masamu. Ndipo inu makolo, musamuchotse mwana wamkazi m'kalasi kuti akakuthandizeni kumsika. Ana a m'mabanja osowa akasankhidwa akhoza kupempha ngongole ya boma, imene adzabweza atatsiriza maphunziro. Funsani kwa mphunzitsi wamkulu wa sekondale yanu za nthawi yolembera.